Tsegulani bokosi musanagule graphics card

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo, kudzera m'nyuzipepala yathuyi, pa nkhani yomwe ikuwonongetsa anthu ndalama zambiri, makamaka achinyamata amene akuyesetsa kudzilemba okha ntchito pogwiritsa ntchito kompyuta. Nkhani yake ndi yogula graphics card, khadi lothandiza kompyuta kuonetsa zithunzi ndi mavidiyo, pofuna kuwonjezera mphamvu pa kompyuta ya patebulo imene idachoka kufakitale italumikizidwa kale. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo chimene chandikhudza n'chakuti anthu ambiri amene amabwera kwa ife atanyamula khadi lokana kugwira ntchito sadagule mwachibwana ayi. Adasunga ndalama kwa miyezi, adafunsa, kenako adagulitsidwa chinthu ndi munthu amene sadaone n'komwe mkati mwa kompyuta yawo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma pano amene akudya phula ndi omwe adafunsawo, chifukwa oyankha akuyankha bokosi lili chitsekere.

Makompyuta ambiri a patebulo amene akugulitsidwa ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ndi ogwiritsidwapo kale ntchito m'maofesi a kunja, ndipo mayina ake timawadziwa: Dell OptiPlex, HP EliteDesk kapena ProDesk, ndi Lenovo ThinkCentre. Sindikuwanyoza makina amenewa, pakuti ndi olimba ndipo athandiza anthu ambiri kukhala ndi kompyuta pamtengo wofikirika. Komabe tiyenera kukumbukira kuti adapangidwira munthu wolemba makalata ndi kuwerengera ndalama muofesi, kotero zithunzi zake zimachokera pa kachigawo kakang'ono kamene kali mkati mwa purosesa, ubongo wa kompyuta, momwemo. Kuno kwathu makina omwewo akugulidwa ndi wojambula maukwati ndi zinkhoswe amene akufuna kukonza mavidiyo ake, wophunzira zomangamanga amene akujambula mapulani ndi AutoCAD kapena Revit, komanso mwini kashopu ka magemu amene akufuna kuti ana azisewera mpira wapakanema mosadukizadukiza. Anthu amenewa akaona kuti kompyuta ikulemedwa, malangizo amene amamva paliponse ndi amodzimodzi, akuti gulani graphics card basi.

Chimene chimagamula nkhaniyi poyamba ndi power supply, kabokosi kachitsulo kamene chingwe cha magetsi chimalowamo. Mpata wautali womwe khadi limakhalamo pa motherboard (bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo), wotchedwa PCIe x16, umatha kupereka mawati 75 okha, ndipo m'makina ena ang'onoang'ono buku la opanga limaika malire otsikirapo kuposa pamenepa. Khadi lililonse lofuna mphamvu yoposa apa liyenera kulandira magetsi owonjezera kudzera pa chingwe chochokera ku power supply, chomwe pulagi yake imakhala ya mapini 6, yonyamula mawati 75, kapena ya mapini 8, yonyamula mawati 150. Vuto ndi loti makina a muofesi ambiri alibiretu chingwe chimenechi, ndipo power supply yake ndi yaing'ono. Mwachitsanzo, OptiPlex 9020, yomwe idatuluka mu 2013 ndipo yadzaza m'masitolo athu, ili ndi mawati 290 ikakhala ya bokosi lalitali, ndi mawati 255 ikakhala ya bokosi lopyapyala. Ena amaganiza kuti makina atsopanopo ndiye ali ndi mphamvu zambiri, chonsecho OptiPlex 7040 yopyapyala ili ndi mawati 180 okha, chifukwa opanga akhala akuchepetsa magetsi amene makina a muofesi amadya. Tsono munthu akagula RX 580, khadi lomwe palokha limadya mawati 185 ndipo opanga ake amalangiza kuti likhale ndi power supply ya mawati 500, n'kufuna kuliika m'bokosi la mawati 255 momwe purosesa ya Core i5-4570 ikuyembekezeranso mawati ake 84, palibe luso la mmisiri limene lingathe kugwirizanitsa ziwerengero zimenezi.

Zonsezi munthu angazidziwe popanda kulipira tambala. Mukazula chingwe cha magetsi n'kuchotsa chitseko cha pambali, mupeza kapepala komatidwa pa power supply, nthawi zambiri katakutidwa ndi fumbi loti mupukute ndi chala. Pakapepalapo pamalembedwa mphamvu yonse m'mawati, ndipo m'munsi mwake muli mizere yosonyeza ma ampeya a mzere uliwonse wa magetsi. Mzere wofunika ndi wolembedwa +12V, chifukwa ndi umene umadyetsa purosesa ndi khadi lomwe, ndipo mukachulukitsa ma ampeyawo ndi 12 mupeza mawati enieni amene zipangizo ziwirizi zingagawane. Ndimaona kuti ndi udindo wa wogulitsa aliyense kupempha chithunzi cha kapepala kameneka asanatchule mtengo wa khadi lililonse, ndipo wogulitsa amene sakufunsa za kapepalaka ndiye kuti sakusamala ngati katundu wakeyo akagwire ntchito kapena ayi.

Pali njira yachidule imene yafala, ndipo ndiyo yandichititsa kulemba kalatayi. Wogulitsa akaona kuti kompyuta ilibe chingwe cha mapini 6, amapereka kachingwe kosinthira kamene kamatenga magetsi pa pulagi ya SATA, ija yodyetsa hard disk, n'kuwapititsa ku khadi. Pulagi ya SATA idapangidwa kuti inyamule mawati pafupifupi 54 pa mzere wa 12V, pamene khadi lili ndi ufulu wokoka mawati 75 pa pulagi yake ya mapini 6. Kompyuta imayaka bwinobwino m'sitolomo, wogula amapita kwawo akusangalala, koma ntchito ikakula, monga pamene vidiyo yaukwati ikutulutsidwa kwa maola angapo, kachingweko kamatentha pang'onopang'ono. Ndaonapo tizingwe totere titasungunuka mpaka pulasitiki yakuda kumatirira pa mapini, mawaya achikasu atasanduka ofiirira, ndipo fungo la chinthu chopserera litatsalira m'bokosi ngakhale mutalipukuta. Zikatere mwina imafa ndi power supply yokha, koma nthawi zina imapita pamodzi ndi hard disk imene munali ntchito ya makasitomala, ndipo m'chipinda chimene muli makatani ndi mapepala, ngozi ya moto siili patali.

Ena anganene kuti njira yake ndi kungosintha power supply n'kuika yaikulu. Zimatheka ndithu, koma osati m'makina onse. Makompyuta omangidwa ndi zipangizo wamba amagwiritsa ntchito pulagi ya mapini 24 polumikiza power supply ku motherboard, ndipo OptiPlex 7010 ya bokosi lalitali ili m'gulu limeneli, kotero kusintha n'kosavuta. Koma kuyambira pa 3020, 7020 ndi 9020, kampani ya Dell idayamba kugwiritsa ntchito pulagi yakeyake ya mapini 8, ndipo HP nayo ili ndi mapulagi akeake m'makina ambiri a EliteDesk ndi ProDesk. Pamenepa pamafunika chingwe chosinthira chopangidwira mtundu womwewo wa kompyuta, ndipo chingwe cha mtundu wina, ngakhale chitalowa bwino, chingathe kupsereza motherboard. Mabokosi opyapyala ndiye ali ndi vuto lina, chifukwa power supply yake ndi yaitali ndi yowonda, moti ya masiku onse ilibe pokhala. Ndichenjezenso za ma power supply otchipa olembedwa mawati 500 kapena kuposa, omwe ukawanyamula umamva kupepuka ngati mulibe kanthu, pakuti nambala yolembedwa kunja si imene amapereka. Power supply ya mawati 290 yochokera kufakitale ndi yodalirika kuposa yotereyi.

N'chifukwa chake kwa anthu ambiri khadi loyenera ndi lomwe limakhutira ndi mawati a mumpata mokha. Makhadi otere alipo: GTX 1050 Ti ya 2016 ndi GTX 1650 ya 2019, onse a 4GB ndipo amadya mawati 75, komanso RTX 3050 ya 6GB yomwe idatuluka mu 2024 ndipo imadya mawati 70. Nvidia, kampani ya makhadi amenewa, imalangiza power supply ya mawati 300 pa makhadi ngati 1050 Ti ndi 1650, komabe m'bokosi lalitali la mawati 290 amagwira ntchito bwino, chifukwa purosesa, khadi ndi zina zonse pamodzi sizifika pamalirewo. Koma wogula ayang'ane khadi lenilenilo osati dzina lokha, popeza ma GTX 1650 ena adapangidwa ndi pulagi ya mapini 6, ndipo RTX 3050 ya 8GB ndi khadi lina lomwe limafuna chingwe.

Pano ndikufuna kuyankhula kwa ojambula mavidiyo, chifukwa ndi amene amanamizidwa kwambiri. Makhadi ambiri a Nvidia ali ndi kachigawo kotchedwa NVENC, kamene kamafulumizitsa ntchito yotulutsa vidiyo m'mapulogalamu ngati Adobe Premiere Pro, ndipo kwa munthu wamavidiyo kachigawo kameneka ndi gawo lalikulu la phindu la khadi. GT 1030, yomwe imakopa anthu chifukwa chotchipa ndi kudya mawati 30 okha, ilibe kachigawo kameneka, ndipo ilinso ndi mitundu iwiri yogulitsidwa pa dzina limodzi, wa memory ya GDDR5 ndi wa memory ya DDR4 womwe ndi wofooka kwambiri. RX 6400 ya AMD, ya 2022, ndi khadi labwino pa magemu m'mabokosi opyapyala popeza limadya mawati 53, koma nalonso lilibe kachigawo kotulutsira vidiyo, ndipo limataya liwiro likaikidwa m'makina akale a PCIe 3.0 chifukwa limagwiritsa ntchito mizere 4 yokha mwa mizere 16 yolumikizira ya mumpatawo. Makhadi a Intel Arc ali ndi luso lalikulu pa mavidiyo, koma amadalira chinthu chotchedwa Resizable BAR, chomwe makina a muofesi akalewa alibe. Kotero funso loti khadi labwino ndi liti lilibe yankho mpaka titadziwa ntchito imene munthuyo amagwira.

Za kukula kwa bokosi sindichulukitsa mawu. Bokosi lopyapyala, lija amalitchula SFF, limalola makhadi afupiafupi okha otchedwa low profile, ndipo khadilo liyenera kubwera ndi kachitsulo kake kakafupi komangira kumbuyo. M'makina ena a Dell opyapyala mpata wa khadi uli pafupi kwambiri ndi power supply, moti khadi lonenepa lotenga malo a mipata iwiri silikwana. Timakina tating'onoting'ono totchedwa Micro, Mini kapena Tiny nthawi zambiri tilibe malo a khadi lamtundu umenewu. Tepi yoyezera ndi yokwanira kuthetsa nkhani imeneyi musanachoke pakhomo.

Chimene chikufunika kuchikamba mosabisa ndi makhadi achinyengo. Pamsika, makamaka pa malonda a pa intaneti, pali makhadi olembedwa GTX 1050 Ti kapena GTX 960 omwe mkati mwake muli GTS 450 ya 2010, yomwe achinyengo adaisintha kuti izidzitchula dzina latsopano ndi kunama kuti ili ndi 4GB. Khadi lotere limaonetsa zithunzi bwinobwino, ndipo Windows imalemba dzina labodzalo, koma gemu kapena pulogalamu ikangofuna memory yoposa imene ilipodi, zonse zimazima kapena sikirini imadzaza timizere. Chizindikiro chooneka ndi maso ndi pulagi yabuluu ya VGA kumbuyo kwa khadi, popeza ma GTX 1050 Ti enieni adasiya kutulutsa zithunzi m'njira yakale imeneyi. Chizindikiro china ndi kachimbale ka ma driver (mapulogalamu oyendetsera khadi) komwe wogulitsa amaumirira kuti mugwiritse ntchito komweko, chifukwa ma driver atsopano a pa tsamba la Nvidia sagwirizana ndi khadilo. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa GPU-Z, kakang'ono kokwana pa flash, komwe kamaonetsa zenizeni za mkati mwa khadi ndipo makhadi ambiri otere kamawalemba kuti ndi abodza. Palinso makhadi enieni koma otopa, amene adagwira ntchito usana ndi usiku pokumba ndalama za pa intaneti, n'kutayidwa pamsika Ethereum, imodzi mwa ndalama zimenezi, itasintha kachitidwe kake mu September 2022. Si onse amene ali owonongeka, koma mafani ake amakhala atatha, ndipo khadi lotere siliyenera kugulidwa lisanayesedwe pa ntchito yolemera wogula akuona. Kuyambira pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu aliyense wochokera kunja adakwera mtengo kwambiri, moti wachinyamata amene wagulitsidwa khadi labodza amakhala atataya mpamba wake wonse.

Ndiyeneranso kunena chinthu chimene amisiri anzanga ena sakonda kuchitchula, chakuti nthawi zambiri kompyuta yochedwa siisowa khadi ayi. Ngati imatenga nthawi yaitali kuti iyake, ngati mapulogalamu amachedwa kutseguka, ngati imaima mukatsegula zinthu zingapo nthawi imodzi, ndiye kuti vuto lili pa hard disk yakale ndi kuchepa kwa RAM, memory imene kompyuta imagwirira ntchito. Kuika SSD, chosungira zinthu chothamanga kuposa hard disk, ndi kukweza RAM kuchoka pa 4GB kufika pa 8GB kapena 16GB, makamaka ndi timitengo ta RAM tiwiri tofanana, kumasintha makina otere kuposa khadi lililonse, ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo. Aliyense angatsegule Task Manager ya mu Windows pamene akugwira ntchito yake yeniyeni n'kuona chimene chikudzaza pakati pa purosesa, memory ndi disk. Komanso khadi lamphamvu silingathe kuonetsa mphamvu zake pa purosesa yofooka, moti kuika GTX 1650 pa Core 2 Duo n'kulipira liwiro lomwe simudzaliona. Tiganizirenso zaka za makinawo. Microsoft idaika 14 October 2025 kukhala tsiku lomaliza kuthandiza Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, pamene 9020 ndi ya m'badwo wa 4 ndipo 7040 ndi ya m'badwo wa 6. Izi sizikutanthauza kuti makinawa atha ntchito, koma ndi chifukwa chokwanira chosathirira ndalama zambiri pa iwo, ndi kusankha khadi lomwe mungadzalisamutsire m'kompyuta ina.

Amene zonse zawayendera ndipo agula khadi loyenera, kuika kwake si kovuta. Muzimitse kompyuta, muzule chingwe kukhoma, mudine batani loyatsira kuti magetsi otsalira athe, ndipo mugwire chitsulo cha bokosi musanakhudze khadi. Khadilo likanikizidwe mofanana mbali zonse mpaka kaloko ka kumapeto kwa mpata katseke. Kenako chingwe cha sikirini chichoke pa pulagi yakale ya motherboard n'kupita pa khadi latsopano, pakuti anthu ambiri amabweza makhadi abwinobwino akuti sakugwira ntchito pamene chingwe chidakali pamalo akale. Masikirini ambiri amene tili nawo ndi a VGA yokha, choncho muwerengeretu mtengo wa kachipangizo kosinthira HDMI kapena DisplayPort kupita ku VGA, komanso bandulo yokwanira kutsitsa ma driver kuchokera pa tsamba la opanga, omwe kukula kwake kumafika ma megabyte mazanamazana. Makina ena akale amafuna kuti BIOS, kapulogalamu ka pa motherboard koyambitsa kompyuta, ikonzedwe kaye kuti izindikire khadi latsopano, ndipo ntchito imeneyi isachitike popanda UPS, batire losunga kompyuta ili choyaka magetsi akazima, chifukwa magetsi akathima ili mkati, motherboard ingathe kufa osadzukanso. UPS yomweyo iganiziridwenso, popeza yaing'ono ya 650VA imanyamula mawati osafika 400, ndipo khadi latsopano lifupikitsa nthawi imene imakupatsani kuti musunge ntchito yanu. M'miyezi yotentha ndi yafumbi ya September, October ndi November, bokosi lopyapyala lomwe mwaonjezeramo khadi limatentha msanga, kotero lizichotsedwa pansi n'kuikidwa patebulo pamalo opita mphepo, ndipo lizipemereredwa fumbi kawirikawiri.

Pempho langa likupita kwa ogulitsa zipangizozi, kuti azilola wogula kubwera ndi kompyuta yake kuti khadi liyesedwe momwemo, ndipo azipereka lisiti lolembedwa dzina lonse la khadi, kukula kwa memory yake, ngati ndi latsopano kapena logwiritsidwapo ntchito, ndi masiku amene munthu angabweze likavuta. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe ntchito yake ndi kuteteza ogula, lichite chidwi ndi malonda amenewa, chifukwa kugulitsa GTS 450 pa dzina la GTX 1050 Ti ndi chinyengo chimodzimodzi ndi china chilichonse, ngakhale kuti ndi chovuta kuchiona ndi maso. Makoleji a ntchito zamanja amene amaphunzitsa za makompyuta aonetsetse kuti wophunzira aliyense akutha kuwerenga kapepala ka pa power supply ndi kuwerengera mawati asanalandire setifiketi yake.

Kwa amisiri anzanga, pali malangizo amodzi omwe satipindulitsa ife koma amapulumutsa kasitomala, ndipo tiyenera kumawapereka. Munthu amene ali ndi bokosi lopyapyala koma ntchito yake ikufunadi khadi lalikulu, monga GTX 1060 yomwe imadya mawati 120 kapena loposa pamenepo, tisamuchedwetse ndi tizingwe tosinthira kapena kudula chitsulo cha bokosi. Timuuze kuti agulitse makina akewo akadali amoyo, awonjezere ndalama imene akadagulira zosinthirazo, n'kupeza bokosi lalitali lolola power supply ya masiku onse, ndipo ngati thumba likulola, la purosesa ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo.

Ine wanu,
Mmisiri wa makompyuta,
Blantyre